Pansi pa Sofa ya Mtchona

Nyumba inali itatha zonse kupatula pansi. Malata anali atakhomedwa, mawindo atalowa, makoma atayera ngati mano a mwana, koma ukalowa pakhomo phazi linkatera pa konkire yokakala yomwe inkadya nsapato. Mtchona anakhala pa ndowa yovundikira pakati pa balaza, pepala lili pabondo, akuwerengera kachisanu zomwe anali ataziwerengera kale kanayi. Masamu ndi amwano. Sasintha yankho chifukwa choti munthu wayenda maiko.

Dzina la Mtchona anam'patsa ndi anthu a mumsewu umenewo, ndipo sanalakwitse. Anachoka ali ndi tsitsi lonse, akuti akukaphunzira zaka zitatu, n'kubwera patatha zaka 27 ali ndi dazi, magalasi, ndi kontena imodzi ya katundu. Abale ankadziwa kuti ankagwira ntchito pabwalo la ndege lalikulu, ndipo limenelo silinali bodza. Chomwe sankadziwa n'chakuti ntchitoyo inali yokolopa, poyamba ndi chikolopa cha m'manja, kenako atam'kweza, ndi makina okwerapo olira ngati njuchi. Zaka zomalizira anakakolopa mu hotelo ina chapafupi pomwepo, ndipo hoteloyo itagwa anagula mipando yake pamtengo wozizira. Sukulu inathera m'chaka choyamba ndalama zitaduka, koma kuwerenga sanasiye. Apaulendo amaiwala mabuku pamipando, ndipo iye anamaliza chilichonse chomwe anthu olemera anatopa nacho asanafike pakati. Ankadziwa za mafumu akale a kumaiko ozizira, za nyenyezi, ngakhalenso za njira zisanu ndi ziwiri zolemerera msanga. Komabe ndalama zomwe zinatsala m'thumba mwake zinali za pansi pa nyumba yaing'ono, pamene iye anali atamanga yaikulu.

Mantha ake anali amodzi okha, akuti achemwali ake angadziwe. Iwo ndiwo anali oyamba kubadwa, ndiwo anam'sungira puloti zaka zonsezo, kuilimira udzu ndi kutukwanizana ndi aliyense amene anayesa kusuntha malire. Ndiwonso ankayenda mumsewu wonse ndi mbiri ya mlongo wawo wa kubwalo la ndege ngati chovala cha Lamulungu. Kuwauza kuti zaka 27 zabala nyumba yopanda pansi kunali ngati kuwavula pamsika.

"Odi kuno kwa mabwana."

Anali iwowo. Analowa akupuma mwamphamvu, chifukwa anali mayi wathupi, ndipo anayang'ana pokhala n'kusowa. Mtchona anawapatsa ndowa ija, pepala n'kulipinda msanga.

"Ndiye pansipa mpaka liti, achimwene? Anthu akundifunsa."

"Ndikuganizabe, achemwali. Mtima wanga uli pa simenti yosalala, ija ya polishi wofiira, ngati ya kunyumba kwa amayi. Mukuikumbuka? Dzuwa likatentha tinkagona pomwepo, tsaya lili pansi, kuzizira kwake ngati madzi a mumtsuko. Munthu unkadziona nkhope."

"Munkadziona nkhope."

"Eya."

"Nanga nkhopeyo inkaoneka chifukwa cha ndani?" Anakweza nsalu pang'ono n'kumenya bondo ndi chikhatho. "Mawondo awa. Loweruka lililonse ine chogwada ndi bulashi, inu muli ku mpira. Inu mukukumbuka kuzizira, ine ndikukumbuka msana. Polishi wofiira masiku ano ali ku ofesi ya aphunzitsi aakulu basi, ndiponso kumeneko akulira kuti awachotsere. Munthu wochokera kunja aike simenti? Anthu adzati munali kundende."

"Si nkhani ya anthu."

"Ndi nkhani ya anthu. Ine ndauza kale kwaya yonse kuti muno mulowa matailosi akuluakulu owala aja, oti ntchentche ikatera iterereke. Msungichuma wathu anaika tating'ono tofiirira chaka chatha, mpaka lero sitikupuma. Akamayimba amayang'ana pansi pa tchalitchi ngati pakumununkhira. Ndikufuna abwere muno, aone, akagone wosadya."

Mtchona anavomera ndi mutu. Akanatani? Tauni yomwe ankailota usiku wa chisanu kunja kuja inali itasamuka osam'tsanzika. Mitengo ya m'mbali mwa msewu anaidula, pabwalo la mpira panamera mashopu, ndipo aliyense tsopano ankafuna m'nyumba mwake muoneke ngati m'chipatala cholipira. Iye anali atathawa pansi powala, n'kupapeza patam'dikirira kwawo.

M'mawa mwake anapita kusitolo ya zomangira ndi amisiri ake. Amisiriwo ankatchedwa a Levulo, chifukwa cha levulo yomwe sinkawachoka m'manja ngakhale madzi ake anauma kalekale. Ankaiika pakhoma, n'kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti zili bwino. Chodabwitsa n'chakuti makoma awo ankaongokadi.

Mayi wogulitsa anawayalira tailosi yoyera ya mizere yotuwa, yaikulu ngati chitseko cha kabati. Mtchona anaisisita ndi chala, ndipo chalacho chinaidziwa. Inali mtundu womwewo umene anaukolopa theka la moyo wake.

"Nyumba yonse makatoni angati, amisiri?"

A Levulo anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda. "Makatoni 78. Taikapo ndi osweka."

Mayi uja anadina kamakina kake n'kukatembenuzira kwa Mtchona, akumwetulira ngati namwino wobwera ndi jakisoni. Mtchona anachotsa magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Nambala inali yomweyo. Atachotsera guluu womatira, ufa wotsekera mizere ndi malipiro a amisiri, ndalama zake zinkakwana makatoni 49.

"Tibweranso, mayi. Ndikufuna ndione kaye ngati mtunduwu ukugwirizana ndi makatani."

Panjira anayesa njira zina zonse, ndipo a Levulo ankazipha imodziimodzi ngati nsikidzi.

"Matabwa bwanji?"

"Chiswe chidzakulemberani kalata yothokoza, bwana."

"Kapeti ya pulasitiki ija yooneka ngati matailosi?"

"Miyezi isanu ndi umodzi, kenako imafundula ngati njoka. Ija ndi ya nyumba za lendi."

"Tiike pabalaza pokha. Zipinda zidikire."

"Inu mwakhalitsadi kunja. Anthu a kuno saona nyumba ali chikhalire. Amapempha madzi kuti aone khitchini, amapempha kobisika kuti aone kolido, ndipo pobwerako amasochera dala n'kutsekula chipinda chanu chogona. Achemwali anu okha adzawayendetsa ngati akugulitsa."

Anafika kunyumba kuja. Mtchona anatsekula galaja momwe munali katundu wa mu kontena, n'kuima akuyang'ana mipando ya hotelo yakufa ija. Munali sofa yokhota ngati chigongono, yokhala anthu asanu ndi anayi, yofika mpaka pansi popanda mpata woti mphaka alowe. Munali mabedi atatu onga mabokosi, mawadiropu otalika ngati zimphona, kabati ya khoma lonse, ndi makapeti awiri okulungidwa. Apa m'pomwe anakumbukira tsiku lomwe ankatulutsa katunduyo mu hotelo. Atanyamula bedi loyamba, pansi pake panali kapeti yatsopano, mtundu wake uli wowala ngati yaikidwa dzulo, pamene chipinda chonse chinali chitayera ndi mapazi. Zaka makumi awiri palibe anapondapo, palibe anaionapo. Mwini hotelo analipira ndalama zake kuti mdima ukhale pabwino.

"Amisiri, muli ndi choko?"

Anayamba ndi balaza. Mtchona ankayeza mpando ndi tepi, a Levulo n'kujambula pansi. Poyamba amisiriwo ankaganiza kuti bwana akungofuna kuona mmene katundu adzakhalire. Atamva kuti m'kati mwa mizere ya choko simulowa tailosi, anakhala pansi pa konkire pomwepo, levulo ili pamiyendo.

"Bwana, zaka makumi atatu ndili pantchito ino. Ndaona amisiri akubera eni nyumba. Ndaona eni nyumba akubera amisiri. Koma mwini nyumba kudzibera yekha, ndayamba kuona lero."

"Sikuba. Tailosi ilowe pansi pa mpando kutalika kwa chikhatho, kuti diso likhute. Kotsalako mudzaze simenti ifanane msinkhu, mpando usapendekeke. Diso la mlendo ndikulidziwa, amisiri. Limayenda pakati, limakwera pakhoma, likaona wotchi limabwerera. Silinagwadepo."

"Nanga dzina langa?"

"Dzina lanu lidzakhala pomwe pakuoneka."

A Levulo anayang'ana mizere ya choko ija. Kenako anadzuka, n'kutenga choko, ndipo kuchokera pamenepo ndi iwo amene anali patsogolo. Sofa inapulumutsa makatoni anayi. Kapeti yaikulu, yopanikizidwa ndi sofa mbali ziwiri ndi tebulo lamwala pakati, inapulumutsa asanu ndi awiri. Mabedi, mawadiropu, kabati, kapeti ya pansi pa tebulo lodyera, chilichonse chinapereka chopereka chake. Dzuwa likupendeka anali atatsika kufika pa 52, ndipo panalibenso mpando wotsala.

"Atatu okha," anatero Mtchona, akukanda dazi.

"Firiji muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Sitovu? Ndiye mukudandaula chiyani. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda cha alendo kulinso malo, chitsekocho muzingochisiya chotsekula. Ndipo kumapeto kwa kolido kuja mugule duwa. Lalikulu, la mumphika wa simenti woti anthu awiri sanganyamule."

"Duwa ndi ndalama."

"Duwa n'lotchipa kuposa katoni, bwana. Ukaipa dziwa nyimbo."

Anakwana 49 ndendende.

Vuto lotsala linali la achemwali, omwe ankabwera tsiku lililonse kudzaona ntchito. A Levulo ndiwo anawalandira pageti, nkhope ili yozizira ngati ya dokotala, n'kuwauza kuti guluu wa matailosi akuluakulu ndi wa mphamvu, fungo lake limakweza magazi, ndipo munthu wamkulu sayenera kuyandikira kwa masiku khumi. Achemwali, omwe mapiritsi a kuthamanga kwa magazi sankawachoka m'chikwama, anabwerera pomwepo atatseka mphuno ndi nsalu, ndipo anakauza kwaya yonse kuti guluu wake ndi wakunja.

Tsiku la khumi ndi limodzi anabwera. Katundu yense anali atakhala m'malo mwake. Anavula nsapato pakhonde popanda wowauza, n'kulowa pang'onopang'ono ngati akuwoloka mtsinje. Kuwala kwa pawindo kunagona pansi, denga likuoneka m'munsi mwa mapazi awo. Anayenda balaza lonse, khitchini, kolido, zipinda zitatu, anagwira duwa lija n'kuliyamikira, kenako anabwerera pabalaza n'kupukuta m'maso.

"Amayi akanaona," anatero. Kenako mawu anauma. "Koma kabatiyi ili polakwika. Ikanakhala uko, kuti wolowa aziyamba kuona mbale."

"Siisunthika, achemwali. Mipando yakunja ikakhala yakhala. Mukaikoka, zomangira zake zimamasuka m'kati."

"Ndi yaulesi ngati eni ake. Chabwino. Lamulungu masana ndikubwera ndi abusa ndi kwaya, adzapempherere nyumba."

Masiku otsatirawo Mtchona anakhala ngati mlonda wa nyumba yake yomwe. Ankayenda mozungulira kapeti, ankatsekula firiji mofatsa kuti isasunthe, ndipo asanakhale pa sofa ankayamba wayang'ana ngati m'mphepete mwake simukuoneka imvi za simenti. Koma anali wonyada. Maiko onse aja, mabuku onse aja, anali atabala nzeru imodzi yogwira ntchito.

Lamulungu, nthawi ya chakudya cha masana itangodutsa, anapita kukagula zakumwa. Anachedwa pang'ono chifukwa wa m'shopu analibe chenje. Pobwera anapeza chitseko chili chotsekula, nsapato za achemwali zili pakhonde, pambali pake pali ndowa ya madzi a sopo. Analowa msanga.

Chomwe anaiwala m'masamu ake onse chinali chimodzi. Ankadziwa mmene mlendo amaonera pansi, koma anaiwala mmene akazi a kwawo amakolopera. Amayi awo ankati waulesi amakolopa pakati, ndipo anaphunzitsa mwana wawo wamkazi kuyambira m'makona, kukoka chilichonse chokokeka, kulowetsa dzanja pomwe diso silifika. Kunja kuja iye ankakolopa kuti bwana aone. Achemwali ankakolopa kuti malemu amayi asawadzudzule.

Sofa inali itakokedwa mbali imodzi. Kapeti inali itapindidwa pakati. Pakati pa balaza lowala panali chigamba chachikulu cha simenti yotuwa, chokhota ngati chigongono, mizere ya choko ikuonekabe m'mphepete, ndipo pakona pake panali masamu a a Levulo: 52, kuchotsa 3. Achemwali anaima pamwamba pake, chikolopa chili m'manja, madzi akudontha n'kumwedwa ndi simenti.

Mtchona anatsitsa kreti ya zakumwa.

"Iwe," anatero achemwali. Anali asanamutchule choncho chibwerereni. "Ndapita kuchipinda. Ndakankha bedi. Ndasuzumira kuseri kwa chitseko. Duwa lokha ndi lomwe landikanika, koma ndikudziwa chomwe lakhalira. Amisiri aja akubera, kapena ndiwe?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka, ndipo a Levulo analibe pomwepo kuti adziteteze. Mtchona analiyang'ana bodzalo, n'kuona kuti likafuna mabodza ena asanu kuti liime.

"Ndine."

"Ndalama zinapita kuti?"

"Sizinapite. Sizinabwere."

"Zaka 27 pabwalo la ndege."

"Ndinkakolopa, achemwali."

Anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato. Kunja galimoto inadutsa, galu wa aneba n'kuiuwa.

"Unkakolopa ndege?"

"Pansi. Pomwe anthu amadikirira."

"Ndiye makalata aja unkalemba kuti uli mu ofesi?"

"Munali maofesi ambiri. Ndinkalowa onse."

Mtchona anawayang'ana achemwali, ndipo sanadziwe ngati kukubwera kulira kapena kutukwana. Kunabwera kuseka, kwa m'mphuno, kamodzi kokha, ngati munthu wotsamwa.

"Ine ndinkadzitama ndi mnzanga wa ntchito," anatero. "Ndipo zaka 27 sanakuphunzitse kukolopa pansi pa mpando."

Nthawi yomweyo kunamveka nyimbo kumsewu, mawu a amayi ambiri akuyandikira, ndi mawu amodzi aamuna akutsalira m'mbuyo. Achemwali anaponya chikolopa m'ndowa.

"Gwira uko. Osati choncho, ukung'amba kapeti. Kankha ndi bondo."

Anabweza kapeti, anabweza sofa, achemwali akuyang'ana m'mphepete ndi diso la telala. Atamva geti likulira, anadziponya pakona ya sofa, pomwe mbali ziwiri zimakumana, n'kuyala nsalu yawo ngati nkhuku yofungatira.

Analowa anthu makumi awiri ndi mphambu, nsapato zonse zitatsala pakhonde. Panamveka kung'ung'udza kwa anthu omwe aona chinthu chomwe akanakonda chikanakhala chonyansa. Abusa, bambo wamfupi wa jekete lalikulu, anagwira Mtchona dzanja ndi manja awiri. Kumbuyo kwawo kunali Msungichuma, mayi wowonda wa magalasi a unyolo, akuyenda akukhudza pansi ndi chala chachikulu cha kuphazi ngati akuyesa ngati madzi atentha.

"Ndi zokongola," anatero Msungichuma. "Kungoti zoyera zimavuta dothi."

"Zimavuta kwa amene alibe wokolopa wodziwa," anayankha achemwali. "Ife muno tili naye wa maphunziro akunja."

Mtchona anatsokomola n'kuyamba kutsekula mabotolo.

Abusa anayang'ana uku ndi uku. "Malo achepa pang'ono. Amayi, tathandizanani, tikankhire sofayi kukhoma uko, kapetiyi tiipinde, kwaya iime bwino pakati."

Amayi anayi anali atawerama kale.

"Abusa, mundikhululukire," anatero achemwali, nkhope itakwinyika. "Bondo langa lagwa pompano ndikukolopa. Ndikadzuka pano mundinyamula pa machira."

"Ayi, khalani, mayi. Tikukankhani muli pomwepo."

"Mundikankhe? Ine? Pamaso pa mlongo wanga, ngati thumba la simenti?" Anatembenukira kwa amayi aja. "Amene akufuna kudziwa kulemera kwanga ayambe wanena kwake."

Amayi anayi aja anaweramuka m'modzim'modzi. Achemwali sanalekere pomwepo. Anaitana amayi awiri achikulire kwambiri a mu kwaya, omwe akakhala pansi kudzuka kwake kumafuna msonkhano, n'kuwakhazika kumapeto onse awiri a sofa. Wina wonenepa anamupatsa ulemu wokhala pa mpando wa patebulo lodyera, pakona ya kapeti inayo. Kwaya inaima mopanikizana m'mbali mwa makoma, ena m'kolido pafupi ndi duwa, ndipo inayimba bwino kwambiri, chifukwa matailosi amabweza mawu.

Abusa anapemphera nthawi yaitali. Anathokoza chifukwa cha mwana amene anapita kutali n'kubwera ndi manja odzaza. Anapempha kuti nyumbayi ikhale yoona m'kati monga ilili kunja, pasakhale chobisika ngakhale pakona imodzi. Achemwali anayankha amen wamkulu kuposa onse.

Zinthu zinatsala pang'ono kuonongeka pa nthawi ya zakumwa. Msungichuma anatulutsa kachikwama ka ndalama za kwaya kuti abweze chenje cha munthu wina, ndipo kandalama kachitsulo kanagwa. Pa simenti kakanangogona pomwepo. Pa matailosi kanaimirira, n'kugubuduka balaza lonse anthu akukaperekeza ndi maso, kanadutsa pakati pa mapazi a abusa, n'kupeza kampata kokhako komwe kanatsala pansi pa sofa pobweza mofulumira paja. Kanalowa. Kulira kwake kunasintha, kuchoka pa nthetemya ya galasi kufika pa kukhwekhwereza kwa mchenga, kenako zii.

Msungichuma anapendeketsa mutu. Anali ndi khutu la woyimba. Anakweza siketi pang'ono, n'kuyamba kugwada.

"Mukutani, amayi?" anafunsa achemwali.

"Ndalama ya kwaya."

"Yagwera m'nyumba yomwe abusa angoipempherera kumene. Imeneyo ndi mbewu. Mukufuna kufukula mbewu?"

"Buku langa silikwana."

"Achimwene, apatseni amayiwa ndalama yapepala, buku lawo likwane ndi kutsalako. Tisaone munthu wamkulu akukwawa pansi pa mipando ya eni ake ngati wataya mano."

Anthu anaseka, abusa nawo anaseka akugwedeza mutu, ndipo Msungichuma anaimirira bondo limodzi lisanafike pansi. Analandira ndalama ija ndi nsonga za zala. Sanapemphenso madzi, sanafunsenso kobisika. Potuluka anangoti nyumba ndi yabwino, mawu ake ngati akulipira ngongole ya wina.

Geti litatsekedwa, Mtchona anabwerera pabalaza. Mabotolo anali mbwee, mapazi a anthu makumi awiri atadinda pansi ponse. Achemwali anali pomwe paja.

"Apita, achemwali. Mutha kudzuka."

"Ndikudziwa kuti apita."

Mtchona anakhala moyang'anana nawo pamphepete pa tebulo lamwala. Anayesa kupeza mawu othokozera, koma onse omwe anawerenga m'mabuku anali aatali kwambiri.

"Simuuza munthu?"

"Ndiuze ndani? Ndadzitama zaka 27. Ukagwa iwe, ine ndigwera pamwamba pako." Anatambasula miyendo n'kuyang'ana zala zawo zikuoneka pansi. "Koma mayi uja wamva. Sanaone, koma wamva. Abweranso Lachitatu ndi nthochi, akuti akudzaona bondo langa. Akadzakupeza wekha, udzapita kukhitchini kukamutengera madzi, ndipo pobwera udzapeza miyendo yake yokha ikusuzumira kunja kwa sofa."

"Ndiye nditani?"

"Iwe palibe chomwe ungachite. Chinsinsi ichi n'chachikulu, chimafuna munthu wokhalapo tsiku ndi tsiku. Makatoni otsala ndi angati?"

"Makatoni 29."

"Penshoni yako ingagule angati pamwezi?"

"Imodzi. Ndikadzimana."

"Udzimana. Ine nyumba ya lendi ija yanditopetsa, mwini wake wakwezanso mwezi uno, ndipo denga likudontha pamutu pa bedi. Loweruka utumize galimoto. Ndikutenga chipinda cha kum'mawa, chija cha windo lalikulu."

"Chimenecho n'changa, achemwali."

"Chinali. Katoni yoyamba iyambire pansi pa bedi la mmenemo, chifukwa ine bedi ndimalitembenuza nyengo ikasintha. Sofa ikhale yomalizira. Ndikhala pano mpaka pansi ponse patatha."

Mtchona anawerengera mumtima, chifukwa chizolowezi sichifunsa. Katoni imodzi pamwezi, zaka ziwiri ndi miyezi isanu, ngati mtengo sukwera, ngatinso sitolo siisiya kubweretsa mtundu umenewo.

"Nanga akasiya kugulitsa a mizere yotuwawa?"

"Ndiye ndafera pompano." Anadzikonza bwino pakona paja, n'kuika pilo kumsana. "Tenga tiyi. Shuga masipuni atatu."

"Khitchini mukuidziwa."

"Ndingadzuke bwanji? Wina atha kugogoda."